Zenera Lopanda Nyumba

Amake Kamaloto anali atawerama pabeseni, thovu mpaka m'zigongono, pamene alamu awo anatulukira pakhomo ali ndi khanda kumbuyo. Linali Lamulungu masana, tsiku lokhalo limene mayi wapantchito amachapa zakezake.

"Odi kuno! Alamu, yunifomu mukuchapayo ndi ya yani?"

"Ya yaninso? Ndili ndi ana angati ine?"

"Ndiye mukungotha sopo. Mwini wakeyo kusukulu sakupitako."

Manja anaima m'madzi. Alamuwo, mlongo wa malemu bambo a mwanayo, anakhala pampando asanauzidwe, n'kufotokoza zonse. Anamuona Lachitatu, anamuonanso Lachisanu, cha m'ma naini koloko m'mawa, ali kuseri kwa ometa tsitsi. Anali atakhala pa chitayala chakale, chikwama pamiyendo, maso kumitambo. Ometawo akuti ino ndi sabata yachiwiri.

Amake Kamaloto anatembenuza yunifomuyo. Kumbuyo kwake kunali mzere wakuda wopindika. Masabata awiri anakhala akuupikicha, uku akunyoza mabenchi a kusukulu.

"Kamaloto! Tabwera kuno!"

Dzinalo anachita kumupatsa anthu a pamdadada, chifukwa ukamutuma mchere ankabwera ndi nkhani ya mbalame imene waiona panjira, mchere ataiwala. Anali ndi zaka naini, ndipo kalasi yachitatu ankaibwereza kachiwiri. Anafika n'kuima chapatali, chala chakuphazi chikukanda pansi.

"Ndi masamu, amayi. Otaimusa aja. Tikamaimba tonse ndimatha bwinobwino. Koma aphunzitsi akangondiloza n'kunena kuti 'seveni taimusi eyiti', nyimbo ija imathawa. Ndimayambira kuchiyambi, seveni wani seveni, seveni thuu fotini, koma ndisanafike n'pakati pomwe anzanga ayamba kale kuseka."

Seveni taimusi eyiti.

Pano ndikuuzeni zimene mwanayo sankadziwa, ndipo sindikometsera. Amake Kamaloto nawonso anali ndi zaka naini pamene anaimitsidwa kutsogolo kwa kalasi n'kufunsidwa funso lomwelo. Anayankha 54. Rula inatera pa zala. Anayankha 58. Inateranso. Mawa lake anadwala mutu, mkuja wake m'mimba, ndipo mwezi usanathe anali kwa achibale akulera mwana wa eni ake. M'kalasi sanalowemonso. Anakula akudziwa chinthu chimodzi chokhudza iwo eni: mutu wawo ndi wouma, masamu salowamo.

Alamu aja anasuntha khanda n'kulankhula mofatsa.

"Musanditenge molakwika, alamu. Inu mumachoka m'mamawa, kubwera dzuwa litapendeka. Mwana wamkazi kumangokhala kuseri kwa mashopu, mukudziwa zimene zimatsatira. Ndipatseni ine. Azikandigwirira kakhandaka, azikadya, azikagona pabwino. Sukulu si ya aliyense."

Mawuwo sanali achipongwe, ndipo n'chifukwa chake anapweteka. Anali mawu omwe aja amene mayiyo anawamva ali mwana.

"Mayeso otsekera chaka atsala masabata sikisi," anatero mayiyo, maso ali m'beseni. "Akalephera, mudzamutenge."

Kamaloto anamva. Sanalire. Anangoyang'ana khandalo, ngati munthu amene akuyeza katundu amene adzasenze.

Lolemba amake anachita kumuperekeza mpaka pageti la sukulu. Pageti pokha, mkati ayi. Madzulo anamukhazika pakhonde, kabuku m'manja, n'kuyamba kumukalipira kuti aloweze. Mwana ankati akanena nambala, mayi sankadziwa ngati wakhoza kapena walakwa, ndiye ankangokweza mawu. Lachinayi lisanafike onse awiri anali atatopa, ndipo kabuku kanali katanyowa ndi misozi, osadziwika ya yani.

Amake Kamaloto ankagwira ntchito yokolopa pa fakitale yosoka zovala. Loweruka makina ankapuma, ndipo linali tsiku lopukuta mazenera. Poopa kuti mwana abwerera kuchitayala chija, anamutenga.

Amene sanalowepo m'fakitale tsiku lopuma sangamvetse. Makina osokera ali ndondondo, onse atafunditsidwa nsalu ngati agona. Kuli zii. Timaulusi ta thonje tikungoyandama m'kuwala, osakwera, osatsika, ngati taiwala kumene timapita. Kumtunda kwa khoma kuli mazenera akale, lililonse logawidwa timagalasi ting'onoting'ono. Kamaloto anakhala pa ndowa yovundikira, kabuku pamiyendo, kukamwa yasa.

Mayi anakwera makwerero ndi kansanza. Anali ndi kachitidwe kawo, ka zaka leveni. Ankayamba mzere wapamwamba, kumanzere kupita kumanja. Akafika kumapeto a mzere ankaviika kansanza, kufinya, n'kutchula nambala ya magalasi amene apukuta. Palibe anawaphunzitsa. Inali njira yonyengerera msana kuti upirire, kuti udziwe kuti kwatsala pang'ono.

Kufinya. "Eyiti."

Mzere wachiwiri. Kufinya. "Sikisitini."

Wachitatu. "Twente-foro."

"Amayi!"

"Usandidzidzimutse ndili pamwamba, iwe!"

"Mukuimba nyimbo yathu! Ya eyiti!"

"Nyimbo yanji? Ndikuwerenga magalasi ine. Tandisiye."

"Ndi yomweyo! Eyiti, sikisitini, twente-foro. Ili m'bukumu, onani! Ikubwerayo ndi chani?"

"Sate-thuu," anayankha mayiyo mosaganiza n'komwe. "Kenako fote. Fote-eyiti. Mzere wapansiwu fifite-sikisi, basi zenera latha."

Kamaloto anayendetsa chala m'kabuku, kenako anakweza mutu n'kuwerenga mizere ya zenera. Inali seveni. Mzere uliwonse magalasi eyiti.

"Amayi," anatero chapansipansi, "seveni taimusi eyiti ndi zenerali."

Amake Kamaloto anagwiritsa makwerero ndi manja onse awiri. Kansanza kanagwa pansi kuti phwa. Anayang'ana zeneralo ngati akuliona koyamba. Nambala imene inawathamangitsa kusukulu, imene inawatupitsa zala, anakhala akuipukuta Loweruka lililonse kwa zaka leveni. Ankaidziwa mng'alu wake, ankadziwa pakona pamene kangaude amakonda kumanga. Kuseri kwa magalasiwo mitambo inkadutsa pang'onopang'ono, kuchoka m'galasi lina kulowa lina, osafulumira.

Anatsika n'kukhala pa sitepe yomaliza. Anaseka, kenako kusekako kunasanduka china.

"Mwapweteka, amayi?"

"Ayi. Tola kansanzako."

Cha m'ma teni koloko dzuwa linakwera, ndipo zenera lija linagwera pansi. Ndikunena chithunzi chake: timabwalo 56 ta kuwala titayalana pa simenti. Kamaloto anavula nsapato n'kulowamo. Ankadumpha mzere ndi mzere akutchula manambala, kuwala kukumukwera m'miyendo, thonje likumuzungulira. Kenako, mwa chizolowezi chake chosayenda njira yowongoka, anazungulira n'kukaima chakumbali.

"Amayi, bwerani muone! Mukaima kuno mizere ikukhala eyiti, uliwonse seveni!"

"Nanga magalasi awonjezekera?"

"Ayi, ndi omwe aja."

"Ndiye usandivutitse. Zenera ndi lomwelo, wasuntha ndi iwe."

Mwanayo anayang'ananso timabwalo tija. Kenako nkhope inawala. Theka la kabuku kaja, limene ankaliopa, linali mazenera omwe aja ongowaonera kumbali.

Tsiku limenelo anayenda fakitale yonse. Zenera la kukhitchini linali mizere itatu ya magalasi foro. La ofesi, mizere foro ya sikisi. La pamasitepe, sikisi ya seveni, ndipo amayi anangoti "fote-thuu" asanaliyang'ane n'komwe. Akafuna zenera limene kulibe, ankanyowetsa nyuzipepala n'kumata pa lalikulu lija, kubisa mizere ina. Naini yekha ndiye analibe zenera. Anakamupeza kuchimbudzi, pa matailosi a khoma.

"Ndiye chifukwa chake amavuta," anatero Kamaloto atagwira mphuno.

Zikanathera pamenepa bwenzi ili nthano. Koma moyo mumaudziwa.

Loweruka lachitatu kapitawo anatulukira mosayembekezeka. Anapeza zenera litamatidwa nyuzipepala, mwana wopanda nsapato akudumphadumpha pakati pa makina.

"Mayi, kuno ndi sukulu ya mkaka? Akagwetsa makina mundiuza chani? Mwana ndisamuonenso muno."

Sanalakwe, ndipo amake Kamaloto sanatsutse. Anamatula nyuzipepala, kumaliza ntchito, n'kukataya madzi kuseri. Kumeneko, pamulu wa zinthu zotha ntchito, panali felemu yathabwa ya zenera lakale, yofanana ndi lalikulu lija, yopanda galasi ngakhale limodzi. Inakhala pamenepo chaka chathunthu akuidutsa. Anabwerera kwa kapitawo.

"Bwana, chifelemu chili kuserichi chili ndi ntchito?"

"Mukufuna nkhuni?"

"Ndikufuna zenera."

Kapitawo anawayang'ana, n'kupukusa mutu. "Chitengeni. Chikungotidzazira malo."

Anachisenza pamutu, mwana atagwirira kumbuyo, kudutsa msewu wonse. Ometa tsitsi anatuluka ndi lumo m'manja.

"Mayi, mwayambira zenera? Anzanu amayamba ndi maziko!"

"Metani anthu, bambo. Nyumba ikubwera pambuyo."

Anakaliimika pabwalo, kulitsamiritsa pa mtengo wa chingwe choyanikira zovala. Zenera lopanda nyumba, lopanda galasi, loyang'ana kumwamba. M'mawa uliwonse chithunzi chake chinkagona pansi, ndipo Kamaloto ankadumphamo kawiri asananyamuke. Madzulo ankaponyapo thawulo kapena siketi kubisa mizere, n'kumafunsana.

Sabata yachinayi aphunzitsi anapereka mayeso oyeserera, mafunso twente. Kamaloto anabwera ndi sikisi.

Amake anatenga pepalalo. Sikisi zimene anayankha anakhoza zonse. Koma m'mbali mwa pepala munali timazenera tojambula bwino, kena kali ndi makatani ndi kambalame pamwamba. Mafunso fotini sanawakhudze n'komwe.

"Nthawi inatha, amayi. Ndimajambula kaye, kenako n'kuwerenga galasi lililonse."

"Ndi makatani omwe?"

Mwana anazyolika.

Mayiyo anakhala pansi. Msana unkawawa, moto anali asanakoleze, ndipo kunena zoona anafuna kungoti basi, zalephereka, azakhali ake amutenge. Masabata anali atatsala awiri. M'malo mwake anadzuka, kutenga kansanza ndi kachidebe, n'kumupatsa.

"Pukuta."

"Mulibe magalasi, amayi."

"Ndati pukuta. Ukuganiza kuti ine ndikanamawerenga galasi lililonse bwenzi ndikuweruka liti? Dzanja lizipita lokha. Iwe udikire kumapeto a mzere. Ukafika, finya, tchula. Basi."

Anthu a pamdadada anaona zachilendo masabata awiri amenewo. Kamtsikana kakupukuta mpweya. Kansanza kakudutsa m'mabowo opanda kanthu, kuseri kwake kuli thambo lokhalokha, ngati kakutsuka mitambo. Kufinya. Seveni. Kufinya. Fotini. Amake akusenda mbatata pakhonde osatembenuka n'komwe, akungoponya mafunso.

"La pamasitepe?"

"Fote-thuu!"

"Mzere wachisanu wa lalikulu?"

"Fote!"

"Ukaima kumbali, mzere wachisanu?"

Kanthawi pang'ono, kadzanja kakufinya. "Sate-faifi!"

"Chabwino. Kasambe."

Pang'ono ndi pang'ono mwana anasiya kuyambira pamwamba. Anayamba kudziwa mzere uliwonse pawokha, ngati mmene umadziwira khomo la mnansi popanda kuwerenga nyumba zonse kuchokera kumsewu.

Mayeso anabwera, n'kudutsa. Tsiku lotsekera sukulu alamu aja anafika m'mamawa ndi khanda lawo, atatenga ndi kachikwama kopanda kanthu koti alongedzeremo zovala za mwana. Anakhala pakhonde. Awiriwo anakamba za mvula, za mano a khanda, za chilichonse kupatula chimene ankadikira.

Kamaloto anatulukira pakona akuyenda pang'onopang'ono, akuyang'ana china chake pa waya wa magetsi. Amake anaimirira.

"Iwe! Fulumira! Zakhala bwanji?"

"Kuli mbalame ziwiri apo, ina ikudyetsa inzake."

"Ndikuswa! Pepala lili kuti?"

Linali m'thumba, litapindidwa kanayi. Masamu: 17 pa 20. Pansi pake panalembedwa kuti apite kalasi yachinayi.

Alamu anatenga pepalalo, kuliwerenga kawiri, n'kulibweza. Anayang'ana kachikwama kawo kopanda kanthu.

"Ndiye ndabwera n'chikwama chabe," anatero. Kenako anamukoka mwanayo n'kumukumbatira. "Naini unamutha bwanji, iwe? Ine mpaka lero amandizunguza."

"Ndinakamutenga kuchimbudzi, azakhali."

Koma panali uthenga wina. Aphunzitsi ankafuna kuonana ndi amake sukulu ikatsegulira. Anaona kuti mwanayo pa mayeso amatsinzina, dzanja lili pansi pa desiki likufinya chinthu chosaoneka, kenako n'kulemba yankho. Atamufunsa, anangoti, "Ndimapukuta zenera la amayi."

Tchuthi chonse mayiyo anakonza zifukwa zokanira. Tsikulo litafika anavala diresi la kutchalitchi, kusenza felemu ija, n'kupita. Pakhomo la kalasi fungo la choko linawamenya, ndipo zala zinayamba kuwawa ngati rula ija yatera dzulo. Zaka twente-sikisi zinali zitadutsa.

"Lowani, mayi," anatero aphunzitsi, mtsikana wamng'ono kwa iwo. "Ana theka m'kalasi muno amaimba bwino koma sadziwa chimene akuimba. Ndayesa njira zanga zonse. Tationetseni yanu."

"Ine sukulu sindinapite nayo patali, aphunzitsi. Ndine wokolopa."

"Ndiye tikolopereni."

Anaimika felemu pakhomo pamene dzuwa limalowera, ndipo timabwalo ta kuwala tinayalana pansi mpaka ku madesiki akutsogolo. Kamtsikana kena kakumbuyo, kofuna kuyesa mlendo, kanakweza dzanja.

"Amayi, seveni taimusi eyiti?"

Amake Kamaloto anayang'ana kalasi yonse, bolodi, rula ili patebulo.

"Fifite-sikisi," anatero. "Ndipo usangondikhulupirira. Bwera udzapukute wekha."

Zotsatira zake ndizinena mwachidule, chifukwa inunso muli ndi ntchito. Aphunzitsi aja anawalembetsa sukulu ya akuluakulu ya madzulo. Mayiyo analephera Chingerezi kawiri, kachitatu anakhoza. Kufakitale, kapitawo yemwe uja ataona kuti mayiyu amadziwa mabatani a malaya dazeni seveni makina owerengera asanayake, anawachotsa pa mopu n'kuwaika poyang'anira zolongedza. Mazenera a Loweruka anakana kuwasiya kwa chaka china chathunthu, akuti ena sapukuta m'makona. Lamulungu masana pabwalo pawo pamadzaza ana, aliyense ndi kansanza kake. Kamaloto ali ku sekondale tsopano. Masamu ndiye amakhoza kuposa zonse, koma mchere amaiwalabe.

Tsiku lina, zaka seveni zitadutsa, mayiyo anali atawerama pabeseni lomwe lija pamene anamva odi. Anali alamu, atagwira dzanja kamtsikana kamanyazi. Khanda lija, limene Kamaloto ankayenera kukalera.

"Alamu, ndabwera ndi mlandu. Uyu akuti nyimbo ikumathawa."

"Ya ngati?"

"Ya sikisi," kanayankha kamwanako, maso pansi.

Amake Kamaloto anachotsa kansanza pachingwe n'kukaponyera.

"Zenera ndi ilo. Bisa mabowo awiri akumapeto a mzere uliwonse ndi thawulolo. Ukafika pothera mzere, finya, tchula. Ndikumvera ndili konkuno."

Tsopano inu amene mwawerenga mpaka pano, makamaka amayi anzanga amene mumabisa manja mwana akabwera ndi homuweki. Wina anakuuzani muli aang'ono kuti mutu wanu ndi wouma, ndipo munamukhulupirira. Tayang'anani kaye zimene manja anu akhala akuchita zaka zonsezi. Mathireyi a mazira, mizere ya mbewu, mabatani, njerwa, mbale za pa shelefu. Mwina chimene munachithawa chija mumachigwira tsiku ndi tsiku, dzina lake lokha ndi limene simunauzidwe. Mwana wanu akalephera lero, musafulumire kumulongedzera chikwama. Khalani naye pansi, mumuonetse chimene mukudziwa, ngakhale chikuoneka chonyozeka. Mtima musautaye. Mzere ukatha, finyani kansanza, yambani wina.

Amake Kamaloto anabwezera manja m'thovu. Madzi anali atazizira, ndipo mulu wa zovala unali usanafike n'pakati pomwe. Kumbuyo kwawo kamawu kanatchula sikisi, kenako thwelofu, kenako kanakhala chete nthawi yaitali.

"Ndikudikira," anatero, akupikicha kolala.